Buluzi wa aNamoyo

Mayi Selestina Kachingwe ndinawadziwa chifukwa cha mbatata ya kachewere. Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zaulimi kudera la Tsangano, ndipo iwo anali mmodzi wa alimi amene sankandipatsa ntchito yambiri. Mbewu ankasankha okha, mizere ankaunda pa nthawi yake, ndipo chiwawu chikayamba m'masamba ankachiona ine ndisanafike. Kwawo amangowatchula mfunda, aNamoyo. Sukulu analekezera Sitandade 6. Za galimoto sankadziwa kanthu kupatula malole a ogula kachewere, ndipo nawonso ankawadziwira kumbuyo, kokweza matumba.

Amuna awo, a Yoramu, a mfunda wa Ngozo, anapita ku Joni mwana wawo woyamba, Ulemu, akuyamba kukwawa. Kumeneko anapeza ntchito pa galaja yaing'ono ya mzungu wina wa ku Italy, dzina lake Renzo. Anayamba ndi kusesa ndi kutsuka zitsulo mu palafini, kenako anadzakhala makaniko weniweni. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi, mwina pakatha zaka ziwiri, mwina zitatu, atanyamula mabulangeti, shuga ndi nsapato za ana zomwe nthawi zambiri zinkapezeka kuti zachepa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi zinatha choncho. ANamoyo analera ana anayi, anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anaika maliro a apongozi awo onse awiri, mwini mbumba ali kutali.

Mu 2014 a Renzo anakalamba natseka galaja. Uthenga unafika pamudzi kuti a Yoramu akubwera kudzakhala, ndipo akubwera ndi galimoto. ANamoyo anayamba kale kuiona m'maganizo pikapu itadzaza matumba ikutsetsereka kupita kumsika wa pamsewu waukulu. Koma lole itaima pakhomo, pamwamba pake panali kagalimoto kachikasu ka mipando iwiri, ka denga lansalu, kafupi moti mwana wa Sitandade 1 akanatha kuona pamwamba pake. Mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza pansi. Asanakatsitse n'komwe, munthu wina pagulupo anati, “Ameneyu ndi buluzi,” dzinalo n'kukhala lomwelo mpaka lero.

“Abambo a Ulemu, thumba la feteleza lizikhala pati?” anafunsa aNamoyo anthu atabalalika.

“Iyi si ya feteleza, aNamoyo. Ndi yothamanga. Ndaisamala ndi manja angawa zaka makumi awiri. A Renzo anati wina aliyense akaitenga akaipha, ndiye andipatsa ine.”

“Nanga ndalama zopumira ntchito zija?”

“Zalowa pa msonkho ndi pa lole.”

ANamoyo anandiuza patapita zaka kuti tsiku limenelo anaganiza kuti amuna a anzawo amabwera ndi mkazi wa ku Joni wamoyo, awo abwera ndi wachitsulo, ndipo sankadziwa kuti wabwino ndi uti.

Kwa zaka zisanu aNamoyo sanakhalemo ngakhale kamodzi. A Yoramu anaimangira shedi ya malata khitchini ikudontha. Sabata iliyonse ankailiza, kuipukuta, kuigwadira pansi ngati akuipempha kanthu. Kuiyendetsa kunali kwa patalipatali, m'chilimwe, giledala yosalaza msewu ikangodutsa kumene, chifukwa msewu wa kumudziko ndi wa miyala ndi zigwembe. Kumunda ankathandiza ndithu, koma anthu awiriwa analibe nkhani zambiri. Anali atazolowera kukhala m'makalata ndi m'mafoni, ndipo kukhala nyumba imodzi kunali ngati kuvala nsapato ya mwini.

Mu Juni 2019, kukuzizira kuja kwa ku Tsangano komwe kumauma nako zala, a Yoramu anagwa m'munda akukumba kachewere. Anagona masabata atatu kuchipatala cha pa boma. Madokotala anati ndi sitiroko. Pobwerako, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atawathawa. Anatsala ndi “eya” ndi “ayi,” basi. Kuchipatala anawapatsa kampira kofinya ndi malangizo a mafizo, masewero olimbitsa ziwalo, koma iwo ankangokhala pa khonde kuyang'ana pansi. Kampira kaja ankakasiya kugubuduzika mpaka nkhuku zinkakajompha. Ku shedi sankayang'anako.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Ulemu, yemwe ndi mphunzitsi ku Lilongwe, anabwera ndi maganizo. Anati galimoto ikungowola, ndipo iye wapeza munthu wokonda magalimoto akale amene angaigule, kuti bambo azipeza chithandizo chabwino. Koma munthuyo anati abwera pokhapokha akamva injini ikulira. A Yoramu atafunsidwa anangoti “eya,” maso ali pansi. ANamoyo anavomera mosavuta. Kunena zoona, anasangalala.

Vuto linali loti Buluzi anakana kulira. Makaniko wina wa njinga zamoto anabwera, anatsegula boneti, n'kutulutsa hamala ndi tchizulo kuti amasule nati ina. A Yoramu, amene anali atawakhazika pampando pakhomo pa shedi, anamenya pansi ndodo yawo ndi dzanja lamanzere, akunena “ayi, ayi” mpaka malovu kutuluka. Munthu uja anatolera zida zake n'kumapita. ANamoyo anaima pamenepo, atagwira m'chiuno.

“Ndiye mukufuna aigwire ndani? Ine?”

A Yoramu analoza ndi ndodo bokosi la masipanala, n'kulimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka.

“Teni.”

ANamoyo sanamvetse msanga. Anatsegula bokosi, anaona kuti sipanala iliyonse ili ndi nambala, anatola yolembedwa 10. Ndodo ija inasuntha n'kukagunda pa batire. Anamasula. “Teni” ameneyu anali mawu atsopano oyamba amene amuna awo ananena chigwereni m'munda muja.

Ntchitoyo inatenga masabata atatu. Batire anaitengera pamutu kukaitchajitsa pa msika wa Tsangano. Petulo wakale, yemwe anali atayamba kununkha ngati vanishi, anamukhuthula yense. Mapulagi anayi anawachotsa limodzilimodzi, kuwapala ndi sandipepa, kuwabwezera monga anawapezera. Chovuta kwambiri chinali makabuleta, tizipangizo tiwiri tosakaniza petulo ndi mpweya, momwe muli timabowo tating'ono ngati diso la singano. ANamoyo anayala chitenje choyera pa lichero n'kumaika kachitsulo kalikonse motsatana, kuopa kusokoneza. Akalakwitsa, ndodo inkagogoda pa tayala. Akakhoza, kunkamveka “eya.” Pang'onopang'ono mawu anawonjezereka: “thetini,” “masula,” “pang'ono,” “basi.” Zala za aNamoyo zinang'ambika, zikhadabo zinada, ndipo tsiku lina anataya kawasha, kachitsulo koboola pakati koika pansi pa nati, m'fumbi nakafuna kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, akusefa dothi ndi sefa ya ufa.

Tsiku loiliza, aNamoyo anakhala pampando wa dalaivala koyamba. Anadabwa kuti munthu amakhala ngati wakhala pamphasa. Anaponda moto kawiri monga anauzidwira, anapotoza kiyi. Injini inatsokomola, inazima. Kachitatu inagwira. Phokoso lake linadzaza shedi, malata n'kumanjenjemera, mbuzi za aneba n'kudula zingwe. ANamoyo anatuluka akuseka, koma anapeza amuna awo atatseka maso, mutu utapendekeka, akumvetsera.

“Ikutsimphina mbali imodzi,” anatero a Yoramu, mawu akutuluka mokoka. “Simukumva?”

ANamoyo anakhala pansi pomwepo, pa fumbi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Za kutsimphinako sanamve kanthu. Anangomva kuti munthu amene anakhala chete miyezi yonseyi walankhula chiganizo chathunthu, ndipo chiganizocho chinali chowafunsa iwo.

Mawa lake a Yoramu anawaphunzitsa kumva. Anawauza kuti adule kapayipi kapulasitiki kothirira mbewu, mbali imodzi aike kukhutu, ina aiyandikize pakamwa pa kabuleta. Makabuleta awiriwo ali ndi makamwa anayi, ndipo kalikonse kamayamwa mpweya ndi kaphokoso kake. Ntchito ndi kupotoza sikuluu pang'onopang'ono mpaka onse anayi azimveka mofanana. ANamoyo ayimba kwaya ya kutchalitchi zaka zambiri, ndipo khutu lawo silichedwa kugwira munthu amene wasemphana ndi anzake. Linagwiranso apa. Pomwe amamaliza, injini inali itakhazikika, ndipo kapu ya madzi yomwe a Yoramu anawauza kuti aike pamwamba pake sinatayike.

Madzulo a tsiku lomwelo aNamoyo anaimbira foni Ulemu.

“Yalira, mwanawe. Koma umuuze munthu uja asavutike kubwera.”

“Amayi, tinagwirizana kale. Galimoto imeneyo inu simunaifunepo.”

“Sindinaifune, n'zoona. Koma abambo ako adya mbale yonse lero, ndipo andikalipira kawiri. Mankhwala amene angachite zimenezi ukawagula kuti?”

Ulemu anakwiya ndithu, ndipo kwa mwezi wathunthu ankangofunsa za moyo wa bambo n'kudula foni.

Galimoto yongolira m'shedi imawonongeka, anatero a Yoramu, imafuna kuyenda. Choncho aNamoyo, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, atakolola kachewere anapita kusukulu yoyendetsa galimoto pa boma. Mayeso anakayesa ku Lilongwe. Koyamba analephera pobwerera m'mbuyo, kachiwiri anakhoza. Buluzi anamuzolowera pa bwalo la mpira la pasukulu yapafupi, amuna awo ali pambali, chifukwa kalachi yake ndi yolimba ndipo magiya amafuna dzanja lodekha.

Ulendo wawo woyamba weniweni unathera pa mtunda wosakwana makilomita anayi. Ankapita kuchipatala ku mafizo, omwe a Yoramu anali atavomera kuyambiranso. Pamalo ena otsetsereka mwala unatulukira pakati pa msewu. Kunamveka kugunda pansi pa mapazi awo, kenako kanyali kofiira kanayaka. ANamoyo anakumbukira zomwe anauzidwa, anazimitsa injini nthawi yomweyo. Atatuluka anaona mzere wakuda wa oilo m'fumbi. Sampu, beseni losungira oilo pansi pa injini, inali itang'ambika. Galimoto inabwerera kunyumba itakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, aNamoyo ali pachiwongolero, mudzi wonse ukuonerera.

Apa ndi pomwe analowa a Dyton, owotcherera zitsulo pa msika wa Tsangano, amene ntchito yawo ndi mafelemu a zitseko ndi ngolo. Anabwera, anagona chagada pa chiguduli, anayang'ana, n'kunena zoona zokhazokha: chitsulo cha sampu n'chofanana ndi cha mapoto, makina awo sangachiwotcherere, akayesa achiboola. Koma ankadziwa munthu ku Lilongwe wodziwa ntchitoyo. ANamoyo anamasula okha mabawuti onse, anaitsuka sampu, anaikulunga m'thumba, ndipo a Dyton anainyamula okha pa minibasi tsiku lomwe ankakagula zitsulo zawo. Za ulendowo anakana kulandira kanthu. Anati kungoona m'kati mwa injini imeneyo kwawakwanira.

Poibwezera, aNamoyo ananena zomwe zinali kumtima kwawo. Anati galimoto ikwezedwe, ndipo pansi pake pakhale chitsulo choteteza. A Yoramu anakana kwamtuwagalu.

“Eni ake... anaipanga choncho,” anatero.

“Eni ake anaipangira misewu ya kwawo. Ife kwathu ndi kuno, aNgozo. Mufuna izikhala yokongola m'shedi, kapena izikutengerani kuchipatala?”

Anakhala masiku anayi osakambirana za galimoto. Tsiku lachisanu a Yoramu anaitanitsa pepala ndi pensulo. Ndi dzanja lamanzere, mizere ikugwedera, anajambula timbale tinayi tachitsulo toika pamwamba pa masipuling'i, n'kusonyeza kukhuthala kwake: zala ziwiri, osapitirira. Anaika lamulo limodzi: pa thupi la galimoto pasadulidwe kapena kuwotcherera chilichonse. Zonse zikhale zomanga ndi mabawuti, kuti wina akadzafuna kuibwezera monga inalili, adzathe. A Dyton anadula timbaleto kawiri, chifukwa toyamba a Yoramu anatikana atatiyeza. Chitsulo choteteza sampu anachipanga kuchokera ku chitseko cha thanki yakale, n'kuchiboola mabowo kuti mphepo izidutsa. Kumanga masipuling'i inali ntchito yoopsa, ndipo anaigwira awiri, aNamoyo ndi a Dyton, ndodo ija ikuwalondolera.

Buluzi anakwera, ngakhale dzina silinasinthe. Pokhota anayamba kupendama pang'ono kuposa kale, koma aNamoyo si munthu wothamanga. Fumbi nalo analipezera nzeru: akabwera ulendo uliwonse amachotsa sefa ya mpweya, kuigugumula, kuiyang'ana padzuwa. Oilo amasintha msanga kuposa momwe buku limanenera. Petulo amamusefa pa nsalu asanamuthire. Kuyambira pamenepo, kawiri pa mwezi, kagalimoto kachikasu kankatsika phiri pang'onopang'ono, mayi wa duku ali pachiwongolero, bambo wa jekete ndi chipewa ali pambali, ndodo itagona pakati pawo.

Ndi m'shedi muja momwe aNamoyo anamva za zaka za ku Joni. Poyamba ankaganiza kuti amuna awo ankadya bwino kumeneko iwo akuvutika. Koma pogwira bawuti ina a Yoramu ankakumbuka chaka chomwe anaimanga, ndi zomwe zinkachitika: kachipinda kuseri kwa galaja kopanda zenera, nthawi yomwe ankabisala pansi pa magalimoto anthu akusaka alendo ochokera m'maiko ena mumsewu, tsiku lomwe kalata ya maliro a mayi awo inawapeza ali ndi gilizi m'manja, n'kupitiriza ntchito chifukwa panalibe womuuza. Nkhanizi zinkatuluka mawu amodziamodzi, aNamoyo ali pansi pa galimoto, osaonana nkhope. Mwina n'chifukwa chake zinkatheka kunenedwa. Nawonso aNamoyo ananena zawo, za chaka cha njala chomwe anadyetsa ana mbatata yambewu, zomwe sanalembepo m'kalata.

Chaka chatha pampu ya madzi inayamba kudontha. Iyi nzeru za a Dyton sizikanaitha. M'masitolo a zipangizo ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankangopukusa mitu. Amene anathandiza ndi Ulemu yemwe uja. Anali atabwera pa holide, anaona bambo ake akuyenda okha ndi ndodo mpaka ku shedi, ndipo sananenenso za kugulitsa. Anajambula pampu ija pafoni, anajambulanso mayi ake atagwira sipanala, n'kutumiza pagulu lina la pa intaneti la anthu osunga magalimoto a mtunduwu. Patapita masiku atatu bambo wina wokalamba wa ku Durban, amene sanawaonepo, anayankha kuti ali nayo pampu yatsopano yomwe anaisunga zaka zambiri, ndipo galimoto yake anagulitsa kale. Anati saifuna ndalama, angofuna adzamve injini ikulira. Pampuyo inabwera pa basi, m'chikwama cha mayi wina wa ku Biriwiri wochokera ku Joni, itakulungidwa pakati pa mabulangeti.

Ine ndinalipo tsiku lomwe ankaimanga. Ndinapita kukaona mbewu yatsopano ya kachewere, koma ndinapeza kumunda kulibe munthu. ANamoyo anali atachotsa kale lamba ndi pampu yakale, atapala pamalopo mpaka kuwala, ataika gasiketi yotseka kuti madzi asadonthe. Anamanga mabawuti mopingasa monga anaphunzirira, n'kutsala imodzi yapamwamba, yosavuta kufikira. A Yoramu anadzuka pampando, anatsamira galimoto, n'kutambasula dzanja lamanja, lija linafa lija. Zala zitatu zinali zitayamba kugwira. ANamoyo anawaika sipanala m'manja.

Zinatenga nthawi. Sipanala inagwa kawiri, aNamoyo n'kumatola. Thukuta linatsika m'masaya ngakhale kunkazizira. Palibe anathandiza. Pomaliza a Yoramu anati “basi,” n'kubwerera pampando akupuma mwamphamvu. Atatembenuka kufuna chipewa chawo, ndinaona aNamoyo akuika sipanala pa bawuti ija mwamsanga n'kukoka pang'ono.

“Mwabwerezamo eti?” anafunsa a Yoramu osacheuka.

“Pang'ono pokha.”

“Mwachita bwino. Makaniko sakhulupirira dzanja la mnzake.” Kenako anati, “Zikomo, aNamoyo.”

“Zikomo ndinu, aNgozo.”

Anathira madzi, analiza injini, tinadikira mpaka itatentha. Pansi panali pouma. ANamoyo anandipatsa foni kuti ndijambule kulira kwake, atumizire bambo wa ku Durban uja, ndipo anandiuza kuti ndisalankhule mpaka atakweza moto katatu.

Tikupita kumunda pambuyo pake, ndinawafunsa ngati amadandaulabe za pikapu. Anati eya, nthawi yokolola amaikumbuka ndithu, chifukwa matumba amakwezabe pa ngolo ya eni. Koma anati akamapemphera amatchula a Dyton, amatchula mayi wa ku Biriwiri, amatchula bambo wa ku Durban uja, ngakhale dzina lake limawavuta, ndi a Renzo omwe, amene anamwalira osadziwa kuti galimoto yawo idzakokedwapo ndi ng'ombe.

“Ndinakwatiwa ndili mtsikana,” anatero, “koma amuna anga ndawadziwa ndili ndi imvi. Ena samapatsidwa n'komwe mwayi umenewo.”

Kenako anawerama, anazula tsinde limodzi la kachewere, n'kundionetsa timadontho takuda pansi pa masamba. Anati ndiwauze mankhwala msanga mvula isanabwerenso.